Kodi Aarya Anachokera Kuti? Mafunso ndi Mayankho pa Mkangano wa Akatswiri

Mukalowa m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu n'kumva mwini sitolo akulankhula ndi mkazi wake chakwawo, nthawi zambiri chimakhala Chigujarati kapena china chapachibale nacho. Chilankhulo chimenecho ndi chimodzi ndi Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chirasha pa mtundu wake, koma si pachibale ndi Chitamil chomwe chimalankhulidwa m'dziko lomwelo la India. Zinatheka bwanji? Funsoli lazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 200, ndipo ku India lero ndi nkhani yoti ukaiyamba pagulu anthu amakwezerana mawu.

Tikamati Indo-Aryan, tikunena anthu ake ati?

Dzinali ndi la zilankhulo, osati la khungu kapena magazi. M'gululi muli Chihindi, Chiurdu, Chibengali, Chipunjabi, Chimarathi, Chigujarati, Chinepali, Chisinhala cha ku Sri Lanka, ngakhalenso chilankhulo cha anthu a mtundu wa Roma a ku Ulaya. Ozilankhula amaposa 800 miliyoni. Chakale kwambiri chomwe chinasungika m'gululi ndi Chisanskrit cha m'nyimbo zachipembedzo za Rigveda.

Opeka nyimbozo ankadzitcha arya. Kwa iwo, Mwarya anali munthu wolankhula chinenero chawo, wopembedza milungu yawo ndi kupereka nsembe mwa mwambo wawo. Abale awo a ku Iran ankadziwika ndi dzina lomwelo. Mu Avesta, malemba opatulika a chipembedzo cha Zarathustra, lili airya. Mfumu Darius Woyamba inalembetsa pamanda ake ku Naqsh-e Rostam kuti iyo ndi Mwarya, ndipo dzina loti Iran linachokera pa liwu lomweli. Ajeremani kapena Angerezi akale sanadzitchepo dzinali. Analitola m'mabuku m'zaka za m'ma 1800.

Anadziwa bwanji kuti zilankhulo zotalikirana chonchi n'zapachibale?

Mu 1786 William Jones, woweruza milandu wa ku Britain yemwe ankagwira ntchito ku Calcutta, anauza anzake a m'bungwe la Asiatic Society kuti Chisanskrit, Chigiriki ndi Chilatini zikufanana kwambiri moti ziyenera kuti zinaphuka pa tsinde limodzi. Ena anali ataziona kale iye asananene, koma mawu ake ndiwo anafala. Mu 1816 Franz Bopp wa ku Germany anayamba kuyerekeza galamala ya zilankhulozi mwatsatanetsatane.

Tamvani nokha. Bambo pa Chisanskrit ndi pitar, pa Chilatini pater. Mayi ndi matar ndi mater. Moto ndi agni ndi ignis. Nambala 7 ndi sapta ndi septem. Mulungu wa kumwamba amene Rigveda imamutcha Dyaus Pitar ndi yemwe Agiriki ankati Zeus Pater, Aroma n'kumati Jupiter.

Komatu kufanana kwa mawu pakokha sikokwanira, chifukwa mawu amabwerekedwa, monga ife tinatengera "nsapato" kwa Apwitikizi ndi "buku" kwa Angerezi. Chomwe chimakhutiritsa akatswiri ndi kusintha kotsata lamulo. Pamene Chisanskrit chili ndi s, chilankhulo cha Avesta chimakhala ndi h: sapta ndi hapta, soma ndi haoma, asura ndi ahura. Mtsinje wa Sindhu Aperezi ankautcha Hindu, ndipo mayina oti Hindu ndi India anachokera pamenepo. Ife zimenezi sizitivuta kumva. Timati munthu, Mzulu amati umuntu, Mswahili mtu. Timati mvula, iwo imvula ndi mvua. Njira yomwe Wilhelm Bleek ndi Carl Meinhof anagwiritsa ntchito posonyeza kuti zilankhulo zathu za Bantu ndi banja limodzi ndi yomweyi.

Nanga mkangano uli pati?

Zoti banja la Indo-European, lomwe muli Chisanskrit, Chigiriki, Chilatini ndi abale awo, lilipo, ochita kafukufuku ambiri a mbali zonse amavomereza. Nkhani ndi yakuti kwawo kwenikweni n'kuti. Zilankhulo za banja limodzi sizimera malo awiri. Mwina zinalowa mu India kuchokera kunja, apo ayi zinatuluka mu India n'kufalikira mpaka ku Ireland.

Akatswiri ochuluka a zilankhulo ndi a DNA amati kwawo kunali kuchidikha chachikulu cha udzu kumpoto kwa Black Sea ndi Caspian Sea, komwe lero ndi Ukraine ndi kumwera kwa Russia. Marija Gimbutas analimbikitsa ganizoli kuyambira mu 1956, ndipo David Anthony analikuza. Amati nthambi ina ya abusa amenewa inalowera kummawa, inadutsa pakati pa Asia, n'kufika ku Punjab pang'onopang'ono pakati pa 2000 ndi 1500 BC.

Gulu lachiwiri likuti Aarya ndi eni nthaka, sanachokere kwina. Ena mwa iwo, monga Shrikant Talageri ndi Koenraad Elst, amapitirira n'kunena kuti banja lonselo linatuluka mu India. B. B. Lal, amene anatsogolerapo nthambi ya boma la India yofukula zakale, ankati anthu a ku Harappa ndi mizinda ina yakale ya m'chigwa cha mtsinje wa Indus, womwe ndi Sindhu uja, ndi omwewo anapeka Rigveda.

Palinso lachitatu, laling'ono, lomwe limavomereza kuti zilankhulozi zinachokera kunja koma likuti zinafika kale kwambiri, mwina ndi alimi oyambirira. Colin Renfrew anapereka zimenezi mu 1987 ngati njira imodzi yotheka, ndipo kafukufuku wa Paul Heggarty ndi anzake wa mu 2023 anaika chiyambi cha banjali zaka pafupifupi 8,100 zapitazo, kumwera kwa mapiri a Caucasus.

Chisanskrit n'chakale zedi. Bwanji osangoti ndiye mayi wa zinzake zonse?

Azungu oyambirira ankaganiza chomwecho. Friedrich Schlegel mu 1808 analemba kuti gwero ndi India. Chinasintha maganizo awo si tsankho ayi, koma kanthu kakang'ono ka m'katchulidwe komwe anakatulukira m'zaka za m'ma 1870.

Chisanskrit chili ndi a pamalo ambiri pomwe Chigiriki ndi Chilatini zili ndi e, o kapena a. Poyamba ankati Chisanskrit ndicho chinasunga zakale, zinazo n'kupatuka. Kenako anaona kuti k wa Chisanskrit amasanduka c, wotchulidwa ngati ch wathu, pamalo enieni pomwe zinenero zinazo zili ndi e. Liwu loti "ndi" pa Chilatini ndi que, pa Chigiriki te, pa Chisanskrit ca. Ndiye kuti e uja analipo kale, anafewetsa k, kenako iye n'kusanduka a. Anachoka, koma mapazi ake anatsala. Chisanskrit ndi mchemwali wa Chigiriki, si mayi wake.

Umboni wina uli mu Rigveda momwemo. F. B. J. Kuiper wa ku Netherlands anawerengamo mawu oposa 300 omwe si a banja la Indo-European: mayina a anthu, a zomera, a zipangizo, monga langala, pulawo. Mulinso katchulidwe kopinda nsonga ya lilime kumbuyo, kaja mumakamva Mmwenye akamatchula t ndi d. Kameneka n'kofala m'zilankhulo za Dravidian monga Chitamil, koma m'Chigiriki, m'Chilatini ndi m'chilankhulo cha Avesta mulibe. Zikanakhala kuti makolo a Agiriki ndi Aroma anatuluka mu India, akananyamulako ena mwa mawu a m'deralo. Alibe nawo.

Tsono pitani kumpoto. Pa Chifinishi 100 ndi sata, pa Chihangare száz, pa Chisanskrit shata. Zilankhulo ziwiri zoyambazo si za banja la Indo-European, ndipo makolo a ozilankhula ankakhala kunkhalango za kufupi ndi mapiri a Ural. Anabwereka mawu ambiri kwa makolo a Aarya, ena a iwo ali m'kaonekedwe kakale kuposa ka Chisanskrit. Munthu sabwereka mchere kwa amene ali kutsidya kwa dziko. Anthuwa anali oyandikana nyumba.

Rigveda imati chiyani? Imanena za ulendo wochokera kwina?

Ayi, sinena poyera, ndipo apa a gulu la eni nthaka akunena zoona. Muli nyimbo 1,028 m'magawo 10, koma mulibe yosimba kuti tinachoka dziko lakuti.

Nyimbozi sizinalembedwe kwa zaka mazana ambiri. Zinkasungidwa pamtima, ndipo kasungidwe kake n'kochititsa kaso. Mnyamata amakhala pansi pamaso pa mphunzitsi, amaloweza mzere monga ulili, kenako amaunena liwu ndi liwu modukiza, kenako awiriawiri: loyamba ndi lachiwiri, lachiwiri ndi lachitatu, mpaka kumapeto. Akakhwima amanena chopita m'tsogolo ndi chobwerera m'mbuyo, dzanja kapena mutu ukusonyeza pokweza ndi potsitsa mawu. N'chifukwa chake akatswiri amakhulupirira kuti katchulidwe ka zaka 3,000 zapitazo kanafika kwa ife pafupifupi osasintha.

Dziko lomwe nyimbozi zikuonetsa ndi la mitsinje isanu ndi iwiri, Sapta Sindhu, ku Punjab. Zimatchula mitsinje ya Kubha ndi Suvastu, yomwe lero ndi Kabul ndi Swat, pamene Ganga amangotchulidwa mwa apo ndi apo. Chuma ndi ng'ombe, moti liwu lina la nkhondo, gavishti, limatanthauza kufuna ng'ombe. Muli mahatchi, magaleta, balere ndi chakumwa chansembe cha soma. Za misewu ya m'mizinda, zolembalemba kapena chitsulo simumva. Pa zifukwa zimenezi ambiri amaziika pakati pa 1500 ndi 1000 BC.

Kusakumbuka ulendo si umboni woti ulendo kunalibe. Anthu a ku Athens ankanyadira kuti makolo awo anamera m'nthaka ya kwawo, chonsecho palibe katswiri amene amati Chigiriki chinayambira ku Athens.

Mitanni imalowamo bwanji, poti ili kutali ndi India?

Kwa ine umenewu ndiye umboni wosangalatsa kuposa wonse. Mu 1906 Hugo Winckler anayamba kufukula ku Boğazköy m'dziko la Turkey, likulu lakale la Ahiti, n'kupeza mapale ambirimbiri olembedwa. Limodzi linali pangano la m'zaka za m'ma 1300 BC pakati pa Suppiluliuma, mfumu ya Ahiti, ndi Shattiwaza wa ufumu wa Mitanni kumpoto kwa Syria. Pakati pa milungu yoitanidwa ngati mboni pali Mitra, Varuna, Indra ndi Nasatya, milungu ya mu Rigveda.

Panapezekanso malangizo ophunzitsira mahatchi a galeta, a munthu wa ku Mitanni dzina lake Kikkuli. Analembedwa m'Chihiti, koma powerenga maulendo ozungulira bwalo amagwiritsa ntchito mawu ena: aika, tera, panza, satta, kutanthauza 1, 3, 5, 7. Chisanskrit chimati eka, tri, pancha, sapta. Liwu loyambalo ndi lofunika, chifukwa Aarya a ku Iran ankati aiva. Ndiye kuti anthuwa anali a nthambi ya Indo-Aryan yeniyeni.

Anthu wamba a ku Mitanni ankalankhula Chihurri, ndipo mawu a Chiarya anatsalira m'mayina a mafumu, m'milungu ndi pa ntchito ya mahatchi basi. A Talageri amati awa anali osamuka kuchokera ku India. Ambiri amati ndi gulu lomwe linapatuka panjira, ena n'kulowera kumadzulo, ena kummawa. Iwo amaloza liwu la aika, lomwe ndi lakale kuposa eka wa mu Rigveda.

Kodi si Aarya amene anaphwasula mizinda ya Harappa ndi Mohenjo-daro?

Ayi. Ganizo limeneli linafa kalekale, ngakhale ena amalimenyabe ngati lili moyo.

Mizindayi inayamba kufukulidwa mu 1921 ndi 1922 ndi Daya Ram Sahni ndi R. D. Banerji, ndipo John Marshall analengeza ku dziko lonse mu 1924. Inali pachimake pakati pa 2600 ndi 1900 BC: nyumba za njerwa zootcha za muyezo umodzi, zitsime, ngalande zovindikira m'mphepete mwa misewu, miyala yoyezera kulemera yofanana kuchokera ku Gujarat mpaka ku Punjab, malonda ofika ku Mesopotamia.

Mu 1947 Mortimer Wheeler anatenga mafupa a anthu pafupifupi 37 omwe anapezeka m'misewu ndi m'zipinda ku Mohenjo-daro, n'kuwalumikiza ndi dzina lina la Indra lotanthauza wogumula malinga. Anagamula kuti mlandu ndi wa Indra. Mu 1964 George Dales anaonetsa kuti mafupawo si a nthawi imodzi, ndipo panalibe zizindikiro za mzinda wotenthedwa kapena zida za nkhondo zili mbwee. Kenneth Kennedy atawapima anapeza kuti ambiri alibe mabala a imfa yachiwawa. Lero akatswiri amati mizindayi inafooka pang'onopang'ono mvula itayamba kuchepa zaka pafupifupi 4,200 zapitazo, mitsinje itasintha njira, malonda atatsika. Anthu anabalalikira m'midzi ing'onoing'ono cha kummawa ndi kumwera. Obwera aja anapeza mizinda itatha kale mphamvu.

Choncho kusiyanitsa kuukira ndi kusamuka si kusewera ndi mawu. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo yoyambayo inagwa chifukwa cha umboni womwe ofukula zakale okhaokha anapeza.

N'chifukwa chiyani amakangana chonchi pa nkhani ya hatchi?

Chifukwa Rigveda yadzaza mahatchi ndi magaleta opepuka a magudumu a masipoko, pamene Harappa ili zii. Tengani chidindo chimodzi cha ku Mohenjo-daro: kamwala kofewa, kambali zinayi, kokwana pachikhatho n'kutsala malo. Pamwamba pali zizindikiro zingapo, m'munsi nyama yogobedwa mwaluso. Mupeza ng'ombe ya linunda, njovu, chipembere, nyalugwe wa mizeremizere, ndipo kawirikawiri nyama ina ya nyanga imodzi. Hatchi simuipeza.

Ku Surkotada m'chigawo cha Gujarat kunapezeka mafupa omwe Sándor Bökönyi anati ndi a hatchi, koma Richard Meadow ndi Ajita Patel anatsutsa ponena kuti angakhale a bulu wakutchire wa m'deralo. Mu 2000 N. S. Rajaram ndi N. Jha anafalitsa chithunzi cha chidindo chomwe anati chikuonetsa hatchi. Michael Witzel ndi Steve Farmer anasonyeza kuti chinali chidindo chosweka cha nyama ya nyanga imodzi ija, chithunzi chake chitasinthidwa pa kompyuta. Zimenezi zinaipitsa mbiri ya gulu lonse, kuphatikizapo amene ankafufuza moona mtima. Mu 2018 ku Sinauli, m'chigawo cha Uttar Pradesh, kunafukulidwa ngolo zokutidwa ndi mkuwa za cha m'ma 1900 BC. Ndi zinthu zamtengo wapatali pa mbiri ya India, koma magudumu ake ndi athabwa lathunthu, opanda masipoko, ndipo mafupa a hatchi sanapezeke nazo.

Yerekezani ndi manda a ku Krivoe Ozero, kummawa kwa mapiri a Ural, a chikhalidwe cha Sintashta, cha m'ma 2000 BC. Matabwa a galeta anaola, koma oika maliro anakumba timaenje tiwiri pansi pa manda n'kulowetsamo magudumu. Dothi linasunga chithunzi cha mkombero ndi masipoko ake. Pambali panali zigaza ziwiri za mahatchi. Magaleta a masipoko akale kwambiri odziwika padziko lonse ndi a kumeneko. Kafukufuku wa DNA ya mahatchi wa mu 2021 anapezanso kuti mahatchi oweta a masiku ano anachokera cha kumunsi kwa mitsinje ya Volga ndi Don, n'kufalikira kuyambira cha m'ma 2200 BC.

Nanga mtsinje wa Sarasvati? Akuti umatsimikiza kuti Rigveda ndi yakale kuposa mmene amanenera.

Pa mfundo zonse za gulu la eni nthaka, iyi ndiyo yolemera, ndipo siyenera kukankhidwira kumbali. Rigveda imatamanda Sarasvati ngati mtsinje wamphamvu woyenda kuchoka kumapiri mpaka ku samudra, liwu lomwe pambuyo pake linkatanthauza nyanja yamchere. Nyimbo ina imautchula pakati pa mitsinje ya Yamuna ndi Sutlej. Pamalo amenewo lero pali khwawa la Ghaggar-Hakra, loyenda madzi nthawi ya dzinja yokha, ndipo m'mbali mwake muli mabwinja mazanamazana a nthawi ya Harappa, monga Kalibangan. Ndiye iwo amati: ngati mtsinjewu unauma cha m'ma 1900 BC, amene anauimbira uli wodzaza anakhalako zimenezo zisanachitike.

Enawo amayankha pawiri. Akatswiri a miyala ndi nthaka, pa kafukufuku wa mu 2017, anapeza kuti Sutlej, amene ankabweretsa madzi a kumapiri a Himalaya, anasiya khwawali zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, mizinda isanamangidwe n'komwe. Anthu a Harappa ankakhala m'mbali mwa mtsinje wodalira mvula. Chachiwiri, kumwera kwa Afghanistan kunali mtsinje womwe Avesta imautcha Harahvaiti. Mukakumbuka lamulo lija la s ndi h, ndi dzina lomwelo. Anthu osamuka amanyamula mayina, monga Blantyre wathu anatengera dzina la mudzi wa ku Scotland. N'kutheka kuti matamando akale a mtsinje wina anasamutsidwira pa wina.

Nkhani ya mtsinjeyi ikadali mkati. Koma ngakhale itakomera a eni nthaka, siyankha za ca ndi que, za mawu a Chifinishi, kapena za hatchi.

DNA yathetsa nkhaniyi?

Yaisuntha kwambiri. Mu September 2019 panatuluka malipoti awiri. Loyamba, lotsogoleredwa ndi Vagheesh Narasimhan ndi David Reich, linapima mafupa a anthu akale 523 a pakati ndi kumwera kwa Asia. Lachiwiri, la Vasant Shinde, Niraj Rai ndi anzawo, linali la mayi mmodzi woikidwa m'manda ku Rakhigarhi, mzinda waukulu wa Harappa m'chigawo cha Haryana. Anayesa mafupa a anthu 61, koma chifukwa cha kutentha ndi chinyontho DNA inatuluka mwa iye yekha.

Mayiyu analibe magazi a abusa a kuchidikha cha kumpoto. Anthu 11 opezeka ku Gonur m'dziko la Turkmenistan ndi ku Shahr-i Sokhta ku Iran, omwe akuoneka kuti anachokera kuchigwa cha Indus, analibenso. Koma anthu oikidwa m'chigwa cha Swat pakati pa 1200 ndi 800 BC anali nawo, ndipo Amwenye ambiri a lero ali nawo, ena pang'ono, ena mpaka pafupifupi 30 peresenti. Amachuluka kumpoto, komanso m'mabanja a ansembe a Chibrahmin amene ankasunga nyimbo zija. Magaziwo akufanana ndi a anthu a Sintashta ndi a Andronovo, chikhalidwe china cha abusa a kuchidikha. Kale kunalibe, pambuyo pake alipo: analowa pakati pa 2000 ndi 1500 BC, nthawi yomwe a zilankhulo ankanena asanaone n'komwe DNA.

Chinasokoneza anthu n'chakuti a Shinde anauza atolankhani kuti zotsatirazi zagwetsa ganizo la kusamuka, pamene lipoti lomwe iwo anasainira likunena kuti njira yomveka yomwe zilankhulozi zinafikira ndi ya kuchidikha. Manyuzipepala ambiri anatenga za pamsonkhano wa atolankhani osawerenga lipotilo.

Pali mfundo ina yomwe imaiwalika. Malipoti omwewo akusonyeza kuti gawo lalikulu la magazi a anthu a kumwera kwa Asia, kumpoto ndi kumwera komwe, linachokera kwa anthu onga mayi wa ku Rakhigarhi. Obwerawo anasakanikirana ndi eni dera. Palibe gulu ku India lero lomwe ndi Aarya okhaokha. Komanso fupa sililankhula: DNA imatiuza kuti anthu anayenda, osati chinenero chomwe ankalankhula.

Anthu ochepa angasinthe bwanji chilankhulo cha anthu ochuluka?

Zimachitika, koma si nthawi zonse. Amagyar analowa m'Hungary cha m'ma 895 AD, ndipo lero dziko lonselo limalankhula chinenero chawo ngakhale magazi awo atsala ochepa mwa anthu. Kwathu kuno zinayenda mwina. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ndi nthungo ndi zishango, anagonjetsa anthu, koma adzukulu awo ku Ntcheu ndi ku Mzimba amalankhula Chichewa ndi Chitumbuka. Nkhondo payokha siisankha chilankhulo. Zimadalira amene akulera ana, ndi chinenero chomwe chimatsegula khomo la ulemu ndi chuma.

Ku Punjab mizinda inali itatha, ndipo obwerawo anali ndi ziweto, magaleta ndi dongosolo loti mfumu yopereka nsembe ndi mphatso imaimbiridwa nyimbo zoitamanda. Wofuna kulowamo ankaphunzira chinenerocho. Rigveda imatamanda anthu opatsa monga Bribu ndi Balbutha, omwe mayina awo si a Chiarya. Ndipo Aarya nawo anasintha panjira. Alexander Lubotsky anasonyeza kuti mawu monga ushtra, ngamila, ndi ishtaka, njerwa, anabwerekedwa, mwina kwa anthu a midzi ya malinga ya pakati pa Asia monga Gonur, yomwe Viktor Sarianidi anafukula. Chipembedzo cha Chihindu monga tikuchidziwa chinakulira mu India momwemo.

Ngati umboni uli chonchi, bwanji Amwenye ambiri amakwiya nalo ganizoli?

Chifukwa linagwiritsidwapo ntchito ngati chikwapu. Atsamunda ena ankati Angerezi ndi Aarya atsopano odzamaliza ntchito ya abale awo akale. Herbert Risley, amene anayang'anira kalembera wa mu 1901, ankayeza mphuno za anthu pofuna kusonyeza kuti ulemu wa gulu lobadwiramo umatsata magazi. Max Müller, yemwe anasindikiza Rigveda, anachenjeza mu 1888 kuti Arya ndi nkhani ya chilankhulo osati mtundu, koma madzi anali atatayika kale. A chipani cha Nazi anatenga dzinali pamodzi ndi chizindikiro cha swastika n'kuphera nazo anthu mamiliyoni, kuphatikizapo a mtundu wa Roma, amene chilankhulo chawo ndi cha Indo-Aryan chenicheni.

Ife a kuno tikudziwa ululu wake. Azungu anaumirira kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi alendo, ngakhale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti omanga anali anthu akuda a komweko. Wouzidwa kwa zaka zambiri kuti chabwino chilichonse cha kwanu chinabwera ndi mlendo, sangamve liwu loti obwera mtima uli m'malo.

M'kati mwa India namonso ganizoli lakhala chida. Jyotirao Phule mu 1873 analigwiritsa ntchito ponena kuti Abrahmin ndi olanda dziko ndipo anthu apansi ndiwo eni nthaka. Andale a ku Tamil Nadu anatsata njira yomweyo. B. R. Ambedkar, ngakhale ankamenyera ufulu anthu oponderezedwa omwewo, analikana. Bal Gangadhar Tilak, womenyera ufulu wa dziko, analemba mu 1903 kuti Aarya anachokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Lero a gulu la Hindutva amafuna kuti Ahindu akhale eni nthaka ndipo Asilamu ndi Akhristu aoneke achipembedzo chobwera, choncho kuvomereza kuti Chisanskrit nacho chili ndi mizu kunja kumawasokonezera mfundo. Mkanganowu unafika mpaka m'mabuku a sukulu a ku California mu 2005.

Mkwiyowo ndimaumvetsa ndipo uli ndi chifukwa. Koma bodza la Great Zimbabwe linagwa ndi zofukulidwa pansi, ndipo pa nkhani ya Aarya zilankhulo, magaleta ndi DNA zikuloza mbali imodzi. Achewa timanena tokha kuti makolo athu anachokera ku Uluba n'kupeza Akafula, ndipo zimenezo sizitichotsera umwini wa dziko lino.

Chatsala n'chiyani kuti chidziwike?

Zambiri. Ofukula zakale monga Jim Shaffer akhala akunena kuti miphika ndi midzi ya kumpoto kwa India sizionetsa kuduka kwadzidzidzi, ndipo n'zoona kuti miphika ya Andronovo sipezeka kumwera kwa mapiri a Hindu Kush. Abusa oyendayenda sasiya zambiri, komabe mpata umenewu ulipo. DNA yakale ya m'kati mwa India ndi yochepa kwambiri, chifukwa nyengo imaiwononga ndiponso mwambo wotentha mitembo unafala.

Chachikulu ndi zolemba za Harappa. Pali zinthu zolembedwa masauzande angapo, zizindikiro pafupifupi 400, koma cholembedwa chimodzi chimangokhala ndi zizindikiro zisanu mwa apakatikati, ndipo palibe chomwe chinalembedwa m'zinenero ziwiri. Asko Parpola ndi Iravatham Mahadevan ankati chilankhulo chake ndi cha Dravidian. S. R. Rao ankati ndi Chisanskrit chakale. Mu 2004 Farmer, Witzel ndi Richard Sproat anati si zolemba za chilankhulo n'komwe. Mu January 2025 M. K. Stalin, yemwe pa nthawiyo anali nduna yaikulu ya Tamil Nadu, analonjeza madola 1 miliyoni kwa amene angaziwerenge mokhutiritsa akatswiri.

Zomwe zingagwetse ganizo la kusamuka n'zodziwika: zidindozo zitawerengeka n'kupezeka kuti ndi Chisanskrit, kapena galeta la masipoko ndi mahatchi ake litafukulidwa m'dothi la 2500 BC ku Harappa, kapena magazi aja a kumpoto atapezeka m'mafupa a ku Indus a nthawi imeneyo. Kufukula ku Rakhigarhi kunayambiranso m'zaka zaposachedwapa, ndipo mafupa ena atengedwa kuti akapimidwe.